Lipoti la msonkhano: magetsi a m'titsitsi ta mizu

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi aphunzitsi anzanga nonse a m'bungwe lathu,

Munandituma ku msonkhano wa akatswiri ofufuza za zomera kuti ndikamve zatsopano zomwe zingatithandize pophunzitsa bayoloji. Ndabwerako bwino, ndipo ndikuthokoza chifukwa chondikhulupirira. Nkhani zinali zambiri, zina zikukambidwa nthawi imodzi m'zipinda zosiyana, choncho ndinasankha kukhazikika pa gawo limodzi m'malo mongolawa paliponse. Ndinatsata gawo la titsitsi ta mizu ndi tizipata ta pakhungu la selo, timene m'mabuku timatchedwa ion channels.

Mutu wa titsitsi ta mizu timauphunzitsa chaka ndi chaka, ndipo timaumaliza m'mizere yochepa. Katsitsi ndi selo limodzi lotalika, kamachulukitsa malo amene muzu umakhudzana ndi dothi, madzi amalowa mwa osmosis, michere imalowa mwa active transport. Palibe bodza pamenepa. Howard Dittmer atawerengetsa mu 1937 anapeza kuti chomera chimodzi cha rye cha miyezi inayi chinali ndi titsitsi pafupifupi 14 biliyoni, ndiye nkhani ya kuchuluka kwa malo ndi yoona. Vuto ndi lakuti mwana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti katsitsi kamangokhala phee m'dothi kudikira kuti zinthu zilowe. Uthenga womwe ndabwera nawo ndi wakuti katsitsi ndi selo la magetsi. Kamawononga mphamvu usana ndi usiku kuti kakhale choncho, ndipo magetsi omwewo ndi amene kamadyera, kukulira komanso kumvera zomwe zikuchitika kunja kwake.

Izi ndinaziona ndi maso pa chionetsero cha mu labotale chomwe okonza msonkhano anatikonzera. Mayi wina wofufuza anaika kambande ka Arabidopsis thaliana m'kambale kagalasi pansi pa maikulosikopu. Kachomera kameneka ndi kaudzu kakang'ono ka m'gulu la mpiru, ndipo ofufuza amakakonda chifukwa kamakula msanga komanso majini ake onse amadziwika kuyambira mu 2000. Tebulo linali losagwedezeka, lozunguliridwa ndi waya wa sefa wotchinga magetsi ochokera kunja. Anatenga kasingano kagalasi kodzaza madzi a mchere wa potaziyamu, kosongoka moti nsonga yake siikwana maikulomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), n'kumakasendeza pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopotokola. Katsitsi kamene ankafuna kubaya n'konenepa mamaikulomita 10 okha. Nsonga ili m'madzi, kompyuta inkaonetsa 0. Itangoboola khoma n'kulowa m'selo, mzere unatsika mwadzidzidzi n'kukakhazikika cha m'ma -180 mV. Anatiuza kuti tisapume pafupi ndi tebulo. Kenaka anathira madzi okhala ndi potaziyamu wambiri, mzere n'kukwera, atatsuka, unabwerera. Pomaliza anathira mankhwala oletsa selo kupanga ATP, chinthu chimene chimanyamula mphamvu m'selo, ndipo patangopita kanthawi nambala ija inayamba kuchepa mphamvu, kusonyeza kuti gawo lalikulu la magetsiwo limachita kupangidwa ndi selo lamoyo.

Taganizirani nambala imeneyi. Selo la mtsempha wotumiza mauthenga m'thupi la munthu, lomwe timaliphunzitsa ngati chitsanzo cha magetsi m'thupi, limakhala cha m'ma -70 mV. Maselo a zomera ambiri amakhala pakati pa -120 ndi -200 mV, nthawi zina kupitirira. Chosiyana china ndi pampu. Nyama zimadalira pampu ya sodiyamu ndi potaziyamu, imene Jens Skou anaitulukira mu 1957. Zomera zilibe pampu imeneyi. Zimagwiritsa ntchito pampu ya mapulotoni, H+-ATPase, yomwe imatentha ATP n'kumatulutsa ma ayoni a hayidirojeni (amenewa ndiwo mapulotoni, osati mapuloteni) kunja kwa selo. M'mizu ya Arabidopsis imene imagwira ntchito yaikulu ndi AHA2. Zotsatira zake ndi ziwiri: mkati mwa selo mumakhala negetivu, ndipo kunja kumakhala kwa asidi, pH ya m'ma 5 pamene mkati muli cha m'ma 7. Tinganene kuti pampu imatchaja batire, ndipo zonse zomwe zimalowetsa chakudya m'selo zimakoka moto pa batire limenelo. Nayitireti ndi fosifeti, zomwe ndi negetivu ndipo sizikanafuna kulowa m'selo la negetivu, zimalowa potsagana ndi mapulotoni amene akubwerera mkati. Potaziyamu, yemwe ndi pozitivu, amakokedwa ndi magetsiwo mwachindunji.

Pampu ndi kachipata ndi zinthu zosiyana, ndipo ana athu ambiri amazisokoneza chifukwa zonse timazijambula ngati kabokosi pa kakhungu ka selo. Pampu imadya mphamvu ndipo ndi yochedwa, imanyamula ma ayoni cha m'ma 100 pa sekondi. Kachipata sikadya ATP. Ndi puloteni yokhala ndi kabowo pakati, imatseguka ndi kutsekeka, imasankha ayoni yomwe idutse, ndipo ikatseguka amadutsa ma ayoni mamiliyoni pa sekondi, kulowera komwe mphamvu zikuwakokera. Chotsegula chimatha kukhala kusintha kwa voteji, mankhwala ena omwe amamatirira pa puloteniyo, kapena kukokeka kwa kakhungu. Njira yomvetsera kachipata kamodzi kakutseguka, patch clamp, anaiyambitsa Erwin Neher ndi Bert Sakmann mu 1976, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1991. Ku zomera inafika mu 1984, mochedwerapo, chifukwa selo la chomera lili ndi khoma lolimba limene liyenera kusungunulidwa kaye ndi ma enzyme kuti galasi likhudze kakhungu. Pa titsitsi ena amachita kudula khoma la kunsonga ndi laser.

Gawo la potaziyamu ndi limene ndikuona kuti lingalowe m'kalasi mosavuta, chifukwa lili ndi masamu osavuta amene mwana wa sekondale angawakwanitse. Mu 1963 Emanuel Epstein anasonyeza ndi mizu ya balere kuti pali njira ziwiri zoyamwira potaziyamu, ina yogwira ntchito akakhala wochepa m'dothi, ina akakhala wambiri. Kwa zaka zambiri anthu ankati kachipata kangathandize pokhapokha potaziyamu atachuluka kunja. Majini oyamba a tizipata ta potaziyamu m'zomera, AKT1 ndi KAT1, anapezeka mu 1992. Kenaka mu 1998 Rebecca Hirsch ndi anzake a ku University of Wisconsin anayesa zomera zomwe AKT1 wake anawonongedwa, n'kupeza kuti kachipata kameneka kamathandiza kuyamwa ngakhale kunja kuli mamaikulomola 10 okha. Zingatheke bwanji, pamene mkati mwa selo muli cha m'ma 100 mM (mamaikulomola 100,000), kutanthauza kuchuluka ka 10,000 kuposa kunja? Lamulo la Nernst limati kusiyana kulikonse kwa ka 10 kumafanana ndi pafupifupi 59 mV. Ka 10,000 ndi ka 10 kanayi, ndiye 59 kuchulukitsa ndi 4 ndi 236. Selo likatsika kupitirira -236 mV, potaziyamu amalowa yekha kudzera pa kachipata ngakhale akuchoka kochepa kupita kochuluka. Maselo a mizu yosowa potaziyamu amafikadi m'dera limeneli. Tanthauzo lathu la pabolodi lakuti chinthu chikamachoka kochepa kupita kochuluka ndiye kuti chanyamulidwa ndi pampu silikwanira pa ma ayoni, chifukwa limaiwala magetsi. Potaziyamu akachepa kuposa pamenepo, ntchito imatsalira HAK5, yemwe amamulowetsa pamodzi ndi mapulotoni.

AKT1 satseguka mwachisawawa. Mu 2006 magulu awiri a ofufuza anasonyeza kuti amayatsidwa ndi enzyme yotchedwa CIPK23, imene nayo imadalira mapuloteni omva kashiamu, CBL1 ndi CBL9. Potaziyamu akachepa m'dothi, kashiamu amakwera m'selo, ndipo uthenga umafika pa kachipata. Palinso GORK, kachipata kotulutsa potaziyamu, komwe kamatseguka voteji ikafooka. Bambo wina amene amafufuza za dothi la mchere anafotokoza bwino kuopsa kwake. Sodiyamu akalowa mwaunyinji kudzera m'tizipata tosasankha kwambiri, mkati mwa selo mumasiya kukhala negetivu mokwanira, GORK amatseguka, ndipo muzu umayamba kutaya potaziyamu amene unavutikira kusonkhanitsa. Kotero mchere umapha chomera pawiri: umalowetsa chosafunika, n'kutulutsa chofunika. Iye anaonetsa kuti pa balere, mitundu yopirira mchere nthawi zambiri ndi imene mizu yake imataya potaziyamu wochepa.

Za kakulidwe ka katsitsi ndidutsapo mwachangu, ngakhale zinatenga nthawi yaitali kumsonkhano. Katsitsi kamakulira kunsonga kokha, pafupifupi maikulomita imodzi pa mphindi. Kale mu 1979 Manfred Weisenseel ndi Lionel Jaffe anayeza magetsi akulowa kunsonga za titsitsi ta balere tomwe tikukula. Pambuyo pake kunadziwika kuti kunsongako kashiamu amakhala wochuluka kuposa kwina konse m'selo, ndipo katsitsi kakasiya kukula kuchulukako kumatha. Mu 2000 Anne-Aliénor Véry ndi Julia Davies anayeza tizipata tolowetsa kashiamu kunsonga komweko, timene timatseguka selo likakhala negetivu kwambiri. Mu 2003 kunapezeka kuti chomera cha titsitsi tofupika chotchedwa rhd2 chili ndi vuto pa enzyme yopanga mitundu ya okosijeni yolusa, ROS, ndipo ROS ameneyu ndi amene amathandiza kutsegula tizipata ta kashiamu. Chomwe chinandigwira mtima ndi kanema amene anationetsa. Chomera anachiika jini yopanga puloteni yowala ikakumana ndi kashiamu, ndipo nsonga ya katsitsi inkangoti phethi, phethi, kuwala ndi kuzilala. Gabriele Monshausen ndi Simon Gilroy anasonyeza mu 2007 ndi 2008 kuti katsitsi sikakula mwa liwiro limodzi. Kamathamanga, kenaka patapita masekondi ochepa kashiamu amakwera, pH ya kunja ndi ROS zimasintha, khoma limalimba, liwiro limatsika, n'kuyambiranso. Popanda mabuleki amenewa nsonga imaphulika, chifukwa madzi a mkati amakankha khoma mwamphamvu. Tizipata tina timene timagwira ntchitoyi tadziwika mayina, monga CNGC14.

Nkhani inafika pa mponda chimera atayamba kukamba za mbewu za m'gulu la nyemba ndi mabakiteriya a Rhizobium. Tonse timaphunzitsa kuti mabakiteriyawa amakhala m'tizotupa ta pamizu n'kumasandutsa nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu. Funso limene sitilifunsa ndi lakuti muzu umadziwa bwanji kuti amene wafika pakhomo ndi bwenzi, pamene m'dothi muli tizilombo tosawerengeka toyambitsa matenda. Kukambirana konse koyamba kumachitikira pa katsitsi. Muzu umatulutsa mankhwala otchedwa flavonoids. Bakiteriya akawamva amayankha ndi mankhwala ake, Nod factor, amene mapangidwe ake anadziwika mu 1990 ku France. Mu 1992 David Ehrhardt ndi Sharon Long a ku Stanford University anabaya katsitsi ka alfalfa ndi kasingano ngati kaja ndinaona, n'kuthira Nod factor. Pasanathe mphindi ziwiri voteji inafooka. Hubert Felle ndi anzake anadzalongosola ndondomeko yake: kashiamu amalowa, kolorayidi amatuluka n'kufooketsa voteji, kenaka potaziyamu amatuluka ndipo pampu imabwezeretsa zinthu m'malo mwake.

Mu 1996 gulu lomwelo la Sharon Long linapeza chinthu chachiwiri, chodabwitsa kuposa choyamba. Patapita mphindi pafupifupi 10 chithirireni Nod factor, kashiamu wa mkati ndi mozungulira nyukiliyasi amayamba kukwera ndi kutsika mobwerezabwereza, kamodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo zimatha kupitirira kwa maola. Uwu ndi uthenga weniweni, chifukwa pali wouwerenga: enzyme ya mu nyukiliyasi yotchedwa CCaMK, imene imayatsa majini oyambitsa tizotupa. Zomera zomwe zilibe CCaMK zimaonetsabe kukwera ndi kutsika kwa kashiamu koma sizipanga kanthu. Zomwe zilibe DMI1, kachipata ka pakhungu la nyukiliyasi m'chomera cha Medicago truncatula, sizionetsa n'komwe kukwera ndi kutsikako. M'chomera cha Lotus japonicus tizipata tofanana nato timatchedwa CASTOR ndi POLLUX. Mu 2016 Myriam Charpentier ndi Giles Oldroyd a ku John Innes Centre ku Norwich anaonjezerapo CNGC15, kachipata kotulutsa kashiamu kuchokera m'khungu la nyukiliyasi. Zonsezi zikayenda bwino, katsitsi kamapindika n'kukumbatira mabakiteriya, kenaka kamapanga kanjira konga kapaipi komwe iwo amadutsamo kulowa mkati mwa muzu.

Apa panabuka mtsutso umene ndinausangalalira. Mnyamata wina amene akuchita maphunziro a udokotala anafunsa ngati DMI1 amadutsitsa potaziyamu, monga ankanenera poyamba, kapena kashiamu, monga kafukufuku wina wa mapangidwe a puloteniyo akusonyezera. Akuluakulu awiri anayankha mosiyana, aliyense ndi umboni wake, ndipo wotsogolera zokambirana anachita kuwadula chifukwa cha nthawi. Ndinalakalaka ana athu akanaona anthu a imvi akutsutsana mwaulemu pa chinthu chomwe sichinathe kudziwika.

Chifukwa chimene ndalama zambiri zikupitira ku kafukufukuyu n'chosabisika. Njira yomweyi ya kashiamu wa mu nyukiliyasi ndi imene zomera zambiri zimagwiritsa ntchito polandira bowa wa m'dothi wa mycorrhiza, ubale umene unayamba zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Mpunga, chimanga ndi tirigu zili nawo kale majini ambiri a njirayi. Ofufuza ena akuyesa kuona ngati mbewu zimenezi zingaphunzitsidwe kumva Nod factor kuti tsiku lina zizidzipezera nayitirojeni. Amene analankhula za izi sanalonjeze kanthu, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Kumva uthenga ndi sitepe yoyamba chabe. Kumanga kachotupa kamene kangasunge bakiteriya ndi kumuteteza ku okosijeni ndi ntchito ina yaikulu. Chinthu china choseketsa ndi chakuti Arabidopsis, kachomera komwe katiphunzitsa zambiri za titsitsi, sikapalana ubwenzi ndi Rhizobium kapena mycorrhiza, ndipo CCaMK kalibe.

Pali chenjezo limene ndiyenera kulipereka mosapsatira mawu, chifukwa ana athu amaona makanema pa intaneti onena kuti zomera zimaganiza, zimamva kuwawa, zili ndi ubongo kumizu. Zoti zomera zimatumiza mauthenga a magetsi si zachilendo. John Burdon-Sanderson anawayeza mu 1873 pa tsamba la Dionaea, chomera chogwira ntchentche, atalimbikitsidwa ndi Charles Darwin, ndipo Jagadish Chandra Bose wa ku India anathera zaka zambiri pa nkhaniyi. Mu 2013 gulu la Edward Farmer ku Lausanne linasonyeza kuti tsamba likavulazidwa, uthenga wa magetsi umafika ku masamba ena kudzera m'tizipata ta GLR, tomwe ndi tapachibale ndi tizipata ta glutamate ta mu ubongo wathu. Mu 2014 gulu la Gilroy linaona funde la kashiamu likuyenda m'muzu wokhudzidwa ndi mchere pa liwiro la pafupifupi mamaikulomita 400 pa sekondi. Zonsezi ndi zoona. Koma mitsempha ina ya munthu imatumiza uthenga pa mamita 100 pa sekondi, ndipo zomera zilibe maselo a mitsempha kapena malo olumikizirana ngati ma synapse. Mu 2007 asayansi oposa 30 analemba kalata yotsutsa dzina lakuti plant neurobiology pa chifukwa chomwechi. M'chipinda chomwe ndinali munali anthu a mbali zonse ziwiri. Ine ndili kumbali ya osamala mawu. Zomwe katsitsi kamachita n'zodabwitsa kale pazokha, sizikufunika kukokomeza, ndipo mwana amene taphunzitsa kuti muzu uli ndi ubongo tidzavutika kumuchotsa maganizo amenewo akadzafika ku koleji.

Dandaulo langa pa msonkhanowu ndi lakuti aphunzitsi tinali ochepa, ndipo olankhula ambiri ankalankhulira anzawo okhaokha, mayina a majini ali mbwee pa chithunzi chilichonse. Nthawi ya mafunso inkadyedwa ndi omwe apitirira nthawi yawo. Zambiri zomwe ndamvetsa ndinazitola pa nthawi yopuma, pofunsa ophunzira a ofufuzawo, amene anali ofatsa ndi okonzeka kujambula papepala. Ndinalemba dandauloli pa fomu yomwe anatipatsa pomaliza, n'kupempha kuti ulendo wina pakhale gawo la aphunzitsi.

Tsopano zomwe ndikupempha bungwe kuti liganizire. Sindikunena kuti tidzaze ana ndi AKT1 ndi CNGC15. Mayina amenewa ndawalemba kuti inu aphunzitsi mukhale ndi poyambira mukafuna kuwerenga zambiri. Chomwe ndikufuna n'chakuti m'zolemba zathu zothandizira kuphunzitsa tionjezere ziganizo zochepa pa mutu wa active transport: kuti pampu imatulutsa mapulotoni, kuti mkati mwa selo mumakhala negetivu, ndi kuti ma ayoni amatsata zinthu ziwiri, kuchuluka ndi magetsi. Zikatero, mfundo yomwe timangoiloweza yakuti mizu ya m'dothi lodzaza madzi imalephera kuyamwa michere imapeza chifukwa chake: popanda okosijeni ATP amachepa, pampu imafooka, voteji imagwa.

Pali ntchito ziwiri za manja zomwe sizifuna zida zodula. Yoyamba ndi kumeretsa njere zing'onozing'ono pa pepala lonyowa m'mbale yovindikira. Pakapita masiku ochepa titsitsi timaoneka ngati nkhungu yoyera kuseri kwa nsonga ya muzu, ndipo ndi galasi lokulitsa mwana amaona yekha kuti kunsonga kwenikweni kulibe titsitsi. Chivindikiro chisatsegulidwe nthawi yaitali chifukwa timafota msanga. Yachiwiri ndi kugoneka muzu wa mbande pa agar (phala loundana loonekera mkati) wosakaniza ndi bromocresol purple, mankhwala amene amakhala ofiirira pH ikakhala cha m'ma 6.8 ndipo amasanduka achikasu ikatsika kufika cha m'ma 5.2. Pakapita maola angapo, m'mbali mwa muzu mumaoneka chikasu, umboni wa mapulotoni amene pampu yatulutsa. Mayi wa chionetsero uja anandichenjeza kuti mu agar musakhale nayitireti wambiri, chifukwa muzu ukamamuyamwa umabweza mapulotoni mkati ndipo mtundu ukhoza kusintha mobwerera. Kwa mphunzitsi wochenjera imeneyo ndi phunziro lachiwiri pa mbale yomweyo.

A Wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira mundipatse mpata woonetsa ntchito ya agar ija pamaso pa mamembala, komanso kuti komiti ya maphunziro isankhe anthu oti tikhale nawo pansi polemba ziganizo zoonjezerazo, makamaka mmodzi wophunzitsa fizikisi kuti atiyang'anire pa masamu a Nernst. Zolemba zanga zonse za kumsonkhano ndi ndondomeko yosakanizira agar ndazipereka kwa a mlembi, ndipo aliyense wofuna angakazitenge kumeneko.

Ndine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhano